ANZAO A PA KOLEJI M'MASIKU A UKALAMBA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lino, pa Boma la Ntcheu



Komiti ya bungwe lino inapempha kuti pa msonkhano wa chaka chino pakambidwe nkhani ya anthu aja amene anaphunzira pamodzi m'makoleji zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi zapitazo, amene tsopano anapuma pa nchito. Ena ali m'midzi mwao, ena ali m'matauni, ena ali kunja kwa dziko, ndipo ambiri anatsikira kuli chete. Nkhaniyi siiri yongokometsa msonkhano ai. Pakuti kawirikawiri mbiri ya munthu wophunzira imamveka kawiri kokha: tsiku limene alandira setifiketi yache, ndi tsiku limene dzina lache liwerengedwa pa wailesi m'mauthenga a maliro. Zimene zimchitikira kuyambira tsiku lopuma nchito kufikira tsiku la maliro sizilembedwa m'buku liri lonse, chonsecho m'menemo ndimo muli udindo wa bungwe ngati lino.

KUMENE ANACHOKERA

Boma la Ntcheu linalandira sukulu msanga kuposa maboma ena ambiri. A mishoni a ku Scotland anamanga pa Livulezi mu 1887. Pambuyo pao anadza a Zambezi Industrial Mission amene anakhala pa Ntonda, pa Chiole ndi pa Dombole. Pa Gowa panakhala a Baptist, amene pambuyo pache anasiyira malowo a Churches of Christ. A Dutch Reformed Church anamanga pa Mlanda. Ndipo ansembe a Montfort anafika pa Nzama mu 1901, pamene panakhala mishoni yao yoyamba m'dziko muno. Kotero mwana wa ku Ntcheu anadziwa sileti ndi choko agogo ache akali ndi moyo amene anaona imfa ya Inkosi Gomani woyamba mu 1896.

Koma khomo lopitira patsogolo linali laling'ono ndithu. Sukulu ya sekondale ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Ambiri amene anakhoza bwino anapita kukaphunzira uphunzitsi ku Domasi, kumene sukulu ya Jeanes inayamba mu 1929, kapena ku Nkhoma, ku Nguludi ndi ku Bembeke; ena anapita ku Colby kukaphunzira ulangizi wa zaulimi. Wofuna digiri anayenera kuturuka m'dziko, kunka ku Makerere m'dziko la Uganda, ku Fort Hare m'dziko la South Africa, kapena ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Anthu otere anali owerengeka, ndipo anadziwana onse maina ndi midzi yomwe.

AMENE ANAPITA KUNJA

Mathero a anthu oyambawo ali ndi phunziro, chifukwa chache ayenera kuchulidwa ngakhale sanali a boma lino. A Kanyama Chiume ndi a David Rubadiri anali pamodzi ku Makerere. Dziko litalandira ufulu mu 1964, a Chiume anali nduna, ndipo a Rubadiri anatumidwa kukakhala kazembe ku America ndi ku United Nations. Mkangano wa nduna wa mu September 1964 unawabalalitsa. A Chiume anakhala ku Tanzania zaka 30, nabwera mu 1994 atakalamba kale, ndipo anamwalira ku New York mu 2007. Thupi lao ndilo linabwerera kwao. A Rubadiri anatula ukazembe mu 1965, naphunzitsa ku Uganda, ku Kenya ndi ku Botswana; koma iwo anaona mwai umene anzao sanauone, pakuti mu 2000 anaikidwa kukhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi ali ndi zaka 70, ndipo anamwalira ku Mzuzu mu 2018 ali ndi zaka 88.

A ku Fort Hare ukalamba sanaulawe bwino. A Henry Masauko Chipembere anamwalira ku America mu 1975 ali ndi zaka 45 zokha. A Orton Chirwa, loya woyamba wa Chiafrika m'dziko muno, anagwidwa mu December 1981 pamodzi ndi mai a kunyumba kwao, a Vera Chirwa, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Anthu anai amenewa anaturuka m'koleji ndi chiyembekezo chimodzi, koma panalibe awiri amene anatsiriza ulendo mofanana.

A PA CHICHIRI

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu October 1964, ndipo maphunziro anayamba pa Chichiri, mu Blantyre, mu 1965, ndi ophunzira 90 okha, mkulu wache ali Dr Ian Michael. Pofika 1967 makoleji a Bunda, Polytechnic, Soche Hill ndi Mpemba anali atalowa m'yunivesiteyo. Madigiri oyamba anaperekedwa mu 1969, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Anyamata ndi asungwana a zaka zimenezo, amene akali ndi moyo, tsopano ayandikira zaka 80 kapena azipitirira.

Pakati pao panali mwana wa boma lino, malemu a Sam Mpasu, obadwa mu 1945. Ataphunzira ku Dedza ndi pa Chichiri, anagwira nchito ya Boma kuno ndi ku maofesi a ukazembe kunja. Analemba buku lochedwa Nobody's Friend, ndipo anthu ena anaganiza kuti bukulo linali kunena za Pulezidenti Dr Banda. Mu 1975 anagwidwa, nakhala ku Mikuyu zaka ziwiri osaonekera pa bwalo la milandu. Masiku amenewo mphamvu zambiri za chipani zinali m'manja mwa a Albert Muwalo Nqumayo, mwananso wa boma lino, ndipo polisi wa chinsinsi anali kuyang'aniridwa ndi a Focus Gwede. Sipanapite nthawi, awiriwa nawonso anagwidwa mu 1976. A Muwalo anapachikidwa mu 1977, ndipo a Gwede anakhala m'ndende kufikira 1993. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

A Mpasu analemba za ukaidi wao m'buku lochedwa Political Prisoner 3/75. Mu 1994 anasankhidwa kukhala phungu wa Ntcheu Central, nakhala Nduna ya Maphunziro chaka chimene sukulu za pulaimale zinayamba kukhala zaulere, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira 1999 kufikira 2003 anali Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Koma mu 2008 bwalo linawapeza olakwa pa mlandu wa kugula makope a ana a sukulu ku kampani ya Fieldyork, ndipo analowanso m'ndende ali ndi zaka zoposa 60, naturuka mu 2010. Mu February 2018 anapezeka atamwalira m'nyumba mwao ku Blantyre. Munthu mmodzi yemweyo analawa ulemu wonse umene dziko lingapereke, nalawanso ndende kawiri, pa maboma awiri osiyana. Msonkhano uno suli bwalo lowaweruza. Koma mbiri yao isonyeza kuti udindo uli ngati chobvala chobwereka, ndipo tsiku lobweza likafika munthu atsala ndi abale ache ndi anzache okha.

Ena a nthawi ya pa Chichiri ndi zaka zoyamba za ku Zomba anadziwika ndi zolembalemba, makamaka amene anali m'kagulu ka alembi kamene kanayamba mu 1970. A Jack Mapanje, a ku Mangochi, anakhala mphunzitsi pa Chancellor College. Buku lao la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linaturuka mu 1981, ndipo iwo anagwidwa mu September 1987, nakhala ku Mikuyu kufikira May 1991. Atamasulidwa anapita ndi banja lao ku England, nakakhazikika ku York, ndipo mu 2011 anasindikiza mbiri ya ukaidi wao. A Frank Chipasula anaturuka m'dziko akali mnyamata, nakaphunzitsa m'mayunivesite a ku America. A Lupenga Mphande nawonso anakaphunzitsa ku Ohio. A Steve Chimombo sanachoke: anaphunzitsa ku Zomba mpaka kupuma, napitiriza kulemba ndi kusindikiza mabuku, kufikira imfa yao mu December 2015. Wina anakalambira kwao, ena anakalambira ku dziko la chisanu kumene adzukulu ao sadziwa kupota nsima. Ngakhale dzina la sukulu yao linasintha: Bunda inapatuka nikhala yunivesite payokha, ndipo mu 2021 Polytechnic ndi makoleji a zaumoyo anapatukanso.

Si onse amene afika pa msinkhu wopuma. Boma lino silinaiwale tsiku la 10 June 2024, pamene a Saulos Chilima, Wachiwiri kwa Pulezidenti, amenenso anaphunzira pa Chancellor College, anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa ali ndi zaka 51, naikidwa kwao ku Nsipe. Ukalamba, ngakhale uli ndi zowawa zache, ndi mphatso imene ambiri amanidwa.

AMENE MAINA AO SALI M'MABUKU

Koma amene achulidwawa ndi ochepa. Pa munthu mmodzi amene dzina lache linalowa m'nyuzipepala pali makumi ambiri amene anaturuka m'koleji ndi setifiketi ya T2 kapena T3, kapena dipuloma ya zaulimi, kapena ya unamwino, nagwira nchito zaka 30 kapena 35 mosadziwika. Iwowa ndiwo amene bungwe lino likomana nao m'misika ya Lizulu, Tsangano, Kampepuza ndi Manjawira, ndi m'mipando ya kutsogolo m'machalichi. Moyo wao wa tsopano ungagawidwe panai.

Alipo amene anakonzeratu. Akali pa nchito anaumba njerwa kumudzi, nagula malata pang'ono pang'ono, ndipo chuti chiri chonse anabwera kudzalima munda ndi kulira maliro pamodzi ndi abale. Popuma anapeza nyumba iri chiriri ndi anthu owadziwa. Amene ali ku mapiri a Tsangano ndi Lizulu alima kachewere, kabichi ndi matimati. Amene ali ku chigwa cha Bwanje alima chimanga, nandolo ndi thonje. Ambiri a iwo ndi akulu a mpingo, alembi a komiti za sukulu, ndi aphungu a mafumu pa milandu ya malire.

Alipo ena amene anakhala m'nyumba za Boma moyo wao wonse, nasamutsidwa kuchoka ku Nsanje kunka ku Karonga, osaika mwala pa unzache kwao. Kalata yopumitsa itafika anapatsidwa miyezi yowerengeka kuti aturuke m'nyumbamo. Atafika kumudzi ndi katundu pa lole anapeza munda wa make unagawidwa kale kwa adzukulu, ndipo amene anakwatira ku boma lina anapeza funso lowawa liri kuwadikira: kodi akakalambira kwa mwamuna kapena kwa mkazi? Pakuti m'boma muno muli chikamwini ndi chitengwa chomwe, ndipo nkhani imene siinakambidwe pa unyamata ibvuta kuikamba pa ukalamba. Otere ambiri anabwerera ku tauni, ali m'nyumba za lendi ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Kawale, ndipo kwao adzabwera m'bokosi.

Alipo achitatu amene anayambanso kulera atakalamba. Matenda a Edzi anadziwika m'dziko muno mu 1985, koma mankhwala aulere otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2004. M'zaka za pakatizo aphunzitsi ndi makalaliki ambiri opuma anaika ana ao m'manda, ana amene anawaphunzitsa ndi chiyembekezo choti adzawasunga, natsala ndi adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa penshoni imodzi. Ambiri a adzukuluwo lero ndi anthu akulu, ena ali pa nchito zabwino. Funso nlakuti ndi angati a iwo amene akumbukira dzanja limene linawadyetsa.

Achinai ndiwo amasiye, amai ndi abambo omwe, ndi amene maso, makutu kapena miyendo yawakana. Matenda a shuga ndi othamanga magazi afuna mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndipo kwa munthu wa ku Kasinje kapena ku Senzani ulendo wa ku chipatala chachikulu pa Boma ndi ndarama. Munthu amene kale anaima pamaso pa ana zana limodzi, mau ache namveka mpaka ku bwalo la mpira, tsopano atha sabata yathunthu wosalankhula ndi munthu wamkulu mnzache.

Chinthu chinanso chinalekanitsa anzao a kalasi imodzi. Mu 1989 Boma linalamula kuti aphunzitsi ochokera ku chigawo cha kumpoto abwerere kukaphunzitsa kwao. Anthu amene anagona chipinda chimodzi ku koleji, naphunzitsa sukulu imodzi zaka zambiri, analekana m'masabata owerengeka, ndipo ambiri sanaonanenso.

ZA PENSHONI

Pa madandaulo onse a anthu opuma, lalikulu ndi la ndarama, ndipo chifukwa chache chiyenera kumveka bwino, kuti achinyamata asamanene kuti akuluwo anamwaza chuma chao. Wogwira nchito ya Boma apuma ali ndi zaka 60. Alandira ndarama zina pakamodzi, ndi zina mwezi ndi mwezi, ndipo zonsezo ziwerengedwa potsata malipiro amene anali kulandira pa nthawi yopuma. Tsono malipiro a 1995 kapena a 2003 anali a mitengo ya nthawi imeneyo. Kwacha inayamba mu 1971, makwacha awiri ali olingana ndi paundi imodzi. Mu May 2012 inagwa kuchoka pa makwacha 168 kufika pa 250 pa dola imodzi ya ku America. Mu May 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi nikhala makwacha 1,700. Kwacha ikagwa, feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala zikwera sabata yomweyo, pakuti zonsezi zigulidwa kunja. Koma penshoni ikwera mochedwa, ndipo siifika pamene mitengo yafika. Kotero munthu amene anapuma ali hedimasitala angathe kulephera kugula thumba limodzi la feteleza ndi penshoni ya mwezi wathunthu, wosalakwa kanthu.

Amene anagwira nchito m'makampani, m'maesiteti ndi m'sukulu zina za mishoni anali pa bvuto loposa, pakuti kale panalibe lamulo lokakamiza olemba nchito kusungira anchito ao penshoni. Lamulo lotere linayamba kugwira nchito mu 2011: wolemba nchito aika 10 peresenti ya malipiro, ndipo wanchito aika 5 peresenti. Linakonzedwanso mu 2023. Ndi lamulo labwino, koma linadza mochedwa kwa a m'badwo umene ukukambidwa pano. Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene linayamba ku Mchinji mu 2006, lilunjika mabanja osaukitsitsa, ndipo mphunzitsi wopuma kawirikawiri aoneka ngati wopeza bwino chifukwa cha jekete yache yakale ndi nyumba ya malata. Umphawi wa munthu wophunzira ubisala, pakuti iye achita manyazi kupempha.

ZA KUNENERA ACHIKULIRE UFITI

Pali nkhani ina yochititsa manyazi imene siingasiyidwe. Mu January 2016, m'boma la Neno limene lichita malire ndi lino, anthu anai achikulire a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao powaganizira ufiti, mphenzi itapha msungwana. Lamulo la za ufiti la 1911 likuti kunenera munthu ufiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo liri m'buku ku Lilongwe, pamene nkhalamba iri yokha m'nyumba usiku. Maphunziro sateteza munthu ku bodza lotere. Munthu wokalamba amene nzeru zayamba kumthawa, amene aturuka usiku nasokera, kapena alankhula ndi anthu amene anafa kale, ali wodwala, wofunika kumperekeza ku chipatala, sali mfiti. Ndipo kawirikawiri kumbuyo kwa mau a ufiti kuli munda kapena nyumba imene wina aifuna. Mafumu amene muli muno mudziwa zimenezi kuposa wina ali yense.

CHIMENE BUNGWE LINGACHITE

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Bungwe laling'ono silingathe kusenza achikulire onse a m'boma lotere, ndipo thumba lache lidziwika kuchepa kwache. Koma ziripo nchito zisanu zosalira ndarama zambiri, zimene ziikidwa pamaso pa msonkhano uno kuti uziganizire.

Yoyamba ndiyo buku la maina. Nthambi iri yonse ya bungwe, kwa Kwataine, kwa Njolomole, kwa Champiti, kwa Makwangwala, kwa Ganya, kwa Mpando, kwa Phambala, kwa Masasa ndi kwina konse, ilembe anthu opuma a m'dera lache: dzina, mudzi, koleji, chaka chimene anatsiriza, ndi nchito imene anagwira. Mabukuwo akaikidwa pamodzi, padzapezeka kuti anthu awiri amene anakhala pa desiki imodzi ku Domasi akhala zaka khumi motalikirana mamailosi asanu okha, wina wosadziwa kuti mnzache ali moyo.

Yachiwiri ndiyo kuchezera. Mamembala awiri awiri apatsidwe nyumba zoti aziyendera kamodzi pa mwezi, makamaka za amasiye ndi za odwala. Asapite ndi mphatso zokha, koma apite ndi nthawi, akhale pansi, amve. Amene ali ndi lamya ya m'manja athandize mkulu kulankhula ndi mnzache wa ku Rumphi kapena wa ku Johannesburg amene anasiyana naye kalekale.

Yachitatu ndiyo mapepala. Penshoni zambiri zichedwa chifukwa kalata yolembedwera nchito inatayika, kapena dzina la pa chiphaso cha unzika, chimene anthu anayamba kulandira mu 2017, lisiyana ndi la pa faelo. Mamembala amene anagwirapo nchito m'maofesi athandize anzao kusonkhanitsa mapepala asanapume. Athandizenso pa kulemba wilo, pakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wa wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma wilo yolembedwa bwino ndiyo itseka pakamwa pa olanda maliro asanachitike.

Yachinai ndiyo kulemba zimene akuluwa adziwa. Akalipo ena amene anali ana pamene Inkosi Philip Gomani anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nachotsedwa pa mpando, namwalira mu 1954. Akalipo amene anaona mabvuto a 1959, ndi amene analandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique pamene anadzaza midzi ya m'malire a boma lino. Ophunzira a sekondale atumidwe pa chuti kukafunsa ndi kulemba, ndipo zolembazo zisungidwe pa sukulu. Mau a akulu akoma akagonera. Koma ngati palibe wowasunga, adzagonera kumanda.

Yachisanu ndiyo tsiku limodzi pa chaka, nyengo yokolola itatha, pamene opuma onse a m'boma lino adzakomana, nakhala monga mwa makoleji ao ndi zaka zao, kuti yense anene yekha za moyo wache, za ana ndi adzukulu, za munda ndi za matenda, ndi kuti maina a amene anamwalira m'chakacho awerengedwe anthu ataimirira. Pamenepo mbiri ya munthu idzamveka iye mwini akali ndi makutu.

MAU KWA ACHINYAMATA NDI KWA OPUMA

Kwa inu amene mukali pa nchito, mau ndi awa: tsiku lopuma linalembedwa kale pa faelo yanu, ndipo lifika msanga kuposa m'mene muganizira. Mangani nyumba mphamvu zikalipo. Kambiranani ndi akunyumba kwanu ndi ankhoswe za kumene mudzakalambira. Musalole kuti kumudzi akudziweni ndi ndarama za pa lamya zokha. Bwerani ku maliro, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya mfumu, pakuti mudzi ulandira bwino munthu amene unali kumuona. Ndiponso musataye anzanu a pa sukulu mukakwera pa udindo. Mbiri za anthu amene achulidwa lero zisonyeza kuti wa pamwamba ndi wa pansi asinthana malo kangapo moyo usanathe.

Kwa inu amene munapuma, bungwe lino likupemphani kuti musadzitsekere m'nyumba. Ana a m'midzi yanu ali m'makalasi odzaza, ndipo ambiri afika Sitandade 4 osadziwa kuwerenga bwino. Ola limodzi madzulo pa khonde la mphunzitsi wakale lingasinthe moyo wa mwana. Mlangizi wopuma akali ndi nzeru za manyowa ndi migula, ndipo namwino wopuma adziwa mwana wofunika kuthamangira naye ku chipatala. Boma linakupumitsani, koma mudzi sunakupumitseni. Ndipo pamene mwasowa, nenani. Kupempha kwa abale si manyazi kwa munthu amene anatumikira dziko zaka makumi atatu.

Akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mau amenewa anenedwa kawirikawiri pa misonkhano, koma dambo losasamalidwa liuma, ndipo moto ukabuka upitirira. Chifukwa chache nchito zisanu zija ziperekedwa m'manja mwa a Pampando ndi komiti yao, ndi pempho lakuti nthambi iri yonse ibwere ndi buku lache la maina pa msonkhano wa chaka cha mawa, ndi kuti lipoti la chaka chimenecho linene nyumba zimene zinachezeredwa ndi mapepala amene anakonzedwa.